Apongozi Anga ndi Mbira Zawo

Lero chakwana chaka chiwaikire m'manda apongozi anga, a Yesaya Shaba, ndipo pamudzi pano sindinamve munthu ndi mmodzi yemwe akutchula dzina lawo. Chiliza sichinamangidwe. Mwamuna wanga Wongani, yemwe ndi mwana wawo woyamba, waimba foni m'mawa kuchokera ku Joni, koma wangofunsa za feteleza ndi za ng'ombe yathu yodwala. Ndiye ndati ndilembe ine, mkamwana wochokera ku Kasungu, munthu amene pamwambo wa kuno ku Mzimba sindinkayenera n'komwe kukhala nawo pamphasa imodzi.

Maliro awo anali ochititsa manyazi. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene anakhalapo mkulu wa mpingo, koma anthu anabwera ongokwanira kukumba ndi kukwirira. Amayi a kutchalitchi anaimba nyimbo ziwiri mothamanga, basi. Tikuchoka kumanda ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti, "Mbwenu sono Fumbani wamasuka. Chaka chino tiona mimba pamudzi paja."

Fumbani ndi mlamu wanga, mwana womaliza wa a Shaba. Panthawiyo anali ndi akazi awiri, munthu ndi mng'ono wake, ndipo mwana analibe. Mudzi wonse unkakhulupirira kuti amene anam'manga kuti asabereke ndi bambo ake omubala. Nyamoyo, mkazi wamkulu wa Fumbani, ankayenda pambali panga ndipo mawu aja anawamva. Anangondigwira dzanja. Tonse awiri tinkadziwa kuti amene tamukwirira ndiye yekha ankachititsa kuti iye ndi mng'ono wake akhalebe pamudzi pano.

Anthu ankawatcha Dokotala wa Makoswe, ndipo silinali dzina laulemu. Udokotala analibe. Anagwira ntchito zaka zambiri kumwera, pa labotale ina yoyesa mankhwala a ulimi, ndipo ntchito yawo inali yosesa timakola ta waya, kudyetsa makoswe oyera a maso ofiira pamodzi ndi mbira, ndi kuzigwira pamene akuluakulu ankazimwetsa mankhwala. Anabwerera kumudzi ndi magalasi omanga ndi ulusi, Chichewa chabwino kuposa changa, ndi nkhani zimene palibe ankafuna kuzimva. Akazi awo anali atamwalira kale. Ine ndinali watsopano pamudzi, Chitumbuka chikundipinda lilime, ndiye anandipeza ngati munthu wolankhula naye. Ankakhala pakhonde, ine chapatali pansi ndikutonola chimanga, iwo n'kumalankhula akuyang'ana kumbali kuti mwambo usawonongeke kwambiri.

Nkhani yawo inali imodzi, ankangoisinthira poyambira. Makoswe ankawagawa magulu. Ena ankamwa madzi wamba, ena m'mawa uliwonse ankawathira m'kamwa mankhwala ophera udzu kudzera m'kapaipi, muyezo wake wowerengeka bwino. Pakapita milungu, amuna ankawaika pamodzi ndi akazi, ndipo a Shaba ndiwo ankatsegula timakola m'mawa kuona ngati mwabadwa ana. Pamapeto pake nyamazo ankazipha, kuzing'amba, n'kuyeza ziwalo zake pa kasikelo. Ankati makoswe ena omwa mankhwala ziwalo zawo zaumuna zinkapezeka zofota ndi zofewa. Akazi ena ankatenga bere, berelo n'kuzimiririka, ndipo ukang'amba chiberekero umangopeza timadontho takuda pamene panayenera kukhala ana. Tsiku lina bwana wawo anawalola kusuzumira pamakina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Mbewu ya khoswe wabwino inkayenda piringupiringu ngati mbululu pachithaphwi. Ya mnzake inali yochepa, ina itangogona, ina yopindika michira.

Koma chimene chinawakhala pamtima si chimenecho. Ankati makoswe amenewo ukawaona ali moyo sungadziwe kanthu. Ubweya wosalala, kudya bwino, kuthamanga, ngakhale kukwera akazi monga mwa masiku onse. Ankakonda kunena kuti poizoni wogwetsa munthu pomwepo ndi wachifundo chifukwa anthu amamuopa, woipa ndi amene amakusiya uli wonenepa. Ndimakumbukira kuti tsiku loyamba kumva zimenezi ndinachita manyazi mpaka ndinakhuthula chimanga pansi. Mpongozi wamwamuna kumauza mkamwana za kukwerana kwa makoswe! Kwathu ku Kasungu akanati nkhalambayi yayamba kuzungulira mutu.

Ndisawayeretse, anali munthu wovuta. Ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, kawiri, nsima ikuzizira. Tsiku lina ndinawaphikira bonongwe wabwino wotendera, iwo anafunsa munda umene ndathyola, ndipo atamva anabweza mbale osalawa n'komwe. Ndinakwiya sabata yathunthu. M'thumba la jekete ankayenda ndi msomali wautali, ndipo akapeza chigubu chimene munali mankhwala ophera udzu ankachiboola pansi, mwini wake ali pomwepo. Zigubu zimenezo amayi kuno amazikonda chifukwa n'zolimba ndipo zili ndi zotsekera zabwino. Amatungiramo madzi, amasungiramo mkaka, ena thobwa la kumunda. Pamjigo amayi akangowaona akubwera ankabisa zigubu m'zitenje. Ku Boma anakangana ndi mnyamata wogulitsa mankhwalawo mopimira m'mabotolo a zakumwa opanda chizindikiro chilichonse, mpaka anthu anadzaza kudzaonerera, ndipo amene anasekedwa ndi iwo.

Sikuti ankati anthu asapopere. Ankadziwa kulemera kwa khasu, ankadziwanso kuti amuna ambiri a kuno ali ku Joni ndipo minda yatsala ndi amayi ndi nkhalamba. Iwo ankangoti valani, musasakanize ndi manja, musapopere molimbana ndi mphepo, mukasambe musanadye. Koma ankanena ngati akukalipira ana, ndipo munthu wamkulu sakonda kuuzidwa zosamba. Munda wawo ankapalira ndi khasu mpaka msana unapindika, ndipo unkakhala womaliza kuyera pamudzi ponse.

Mwana amene ankamukonda kwambiri ndiye anawasankhira ntchito yoti iwapweteke. Fumbani anali mnyamata wamphamvu, wansangala, woseketsa anthu. Anagula sipuleya yobereka kumsana n'kuyamba maganyu opopera m'minda ya chimanga ndi ya fodya, kuyambira kuno mpaka kumalire ndi Kasungu. Mvula ikayandikira sankapezeka pakhomo. Sipuleyayo inkadontha pachotsekera, ndipo mankhwala ankatsika ndi msana n'kulowa m'buluku, moti ankaweruka ali chinyowere kuyambira m'chiuno mpaka m'maondo. Kamlomo ka sipuleya kakatsekeka ankakauzira ndi pakamwa. Posakaniza ankavundula ndi dzanja. Bambo ake anapita ku Boma n'kumugulira majombo ndi chipepala chapulasitiki chovala kumsana. Majombowo Fumbani ankavala popita kukaonera mpira, chipepalacho anafolera khola la nkhuku.

Mkazi wake Nyamoyo ndi wa kufupi ndi ku Embangweni, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu. Zaka zisanu zinadutsa m'banjamo popanda mimba, ngakhale yopita padera. Anamwa mizu yowawa ya mtundu uliwonse. Anasala kudya, anakwera mapiri kukapemphera. Kuchipatala anamupima n'kumuuza kuti sakuona chovuta, abwere ndi mwamuna wake. Fumbani atamva anaseka, akuti iye ndi tambala wolira bwino, chipatala n'cha odwala. Mwezi uliwonse Nyamoyo ankabwera kukhitchini kwanga, kukhala pafupi ndi moto osanena kanthu, ndipo ine ndinkadziwa kuti mwezi uwunso wapita. Zinkandiwawa, makamaka ana anga atatu akamalowa ndi kutuluka pamaso pake.

Amene ankayendetsa zinthu pamudzi ndi ankhazi, a Nyashaba, mlongo wawo wa apongozi anga. Kuno mlongo wa bambo ali ndi mawu pa maukwati a ana, ndipo awa mawu awo anali ngati a anthu atatu. Iwo ndiwo anayamba kupita kwa a Moyo, makolo a Nyamoyo, kukadandaula kuti ng'ombe za malowolo zinapita koma pakhomo palibe kulira kwa mwana. A Moyo, poopa kubweza ng'ombe ndi kulandira mwana wobwezedwa, anati apereka mbirigha. Umenewu ndi mwambo wa kuno, kupereka mng'ono wa mkazi kuti adzaberekere mkulu wake m'nyumba yomweyo. Mng'onoyo anali Esnati, amene anali atangolemba mayeso a fomu folo ndipo ankalota za uphunzitsi.

Nkhaniyi itangoyamba kumveka, apongozi anga anagula mbira zoweta n'kumanga timakola tiwiri kuseri kwa nyumba yawo. Khola lakumanja ankalidyetsa udzu wa kudambo, ndipo nthawi zina ndinkamweta ndine. Lakumanzere sankalola munthu kuliyandikira. Fumbani akaweruka n'kusiya sipuleya pansi pa mtengo, iwo ankaitsuka, madzi otsukirawo n'kusunga m'botolo, ndipo m'mawa uliwonse ankawaza pang'ono pa udzu wa mbira zakumanzere, manja atavala majumbo. Anachita zimenezi miyezi yambiri. Zakumanja zinaswana mpaka zina tinadya. Zakumanzere zinkaoneka zonenepa bwinobwino, koma ana anali apatalipatali, ena obadwa akufa. Ndinawafunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Anati mawu awo anthu anatopa nawo, mwina maso adzawathandiza.

Tsiku limene a Moyo anabwera ndi Esnati tinakhala pachigafa cha fodya, dzuwa lili pamutu. Amuna pamipando, ife amayi pansi chapatali. Esnati anali atafunda chitenje mpaka kumaso, Nyamoyo ali pambali pake. Ankhazi analankhula nthawi yaitali kuyamikira a Moyo, kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Adumbu, apa mlandu palije. Asebele atichitira ulemu chomene, atipatsa mwana wina. Ife tingoti yewo, mbwenu."

A Shaba anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Anabwerako ndi mbale yachitsulo yovundikira ndi nsalu, n'kuiika pakati pa bwalo.

"Asebele, ndapota," anatero kwa bambo ake a Nyamoyo, "ndisanati yewo, muone kaye ichi."

Anavundukula. M'mbalemo munali mbira ziwiri zazimuna, zong'ambidwa pamimba mwaukhondo, ziwalo zake zaumuna zitatulutsidwa n'kuikidwa pambali pa iliyonse. Amayi ena anakuwa. Ine ndinasuzumira. Za mbira imodzi zinkaoneka zocheperapo, kapena mwina ndinkangofuna kuti zioneke choncho, mpaka lero sindinganene motsimikiza.

"Iyi yakula ndi udzu wa kudambo," anatero akuloza ndi kamtengo. "Iyi yadya udzu wowaza madzi otsukira sipuleya ya mwana wanga. Zonse ziwiri zimakwera zazikazi bwinobwino, koma khola la iyi ana ndi osowa. Mwana wanu Nyamoyo anapita kuchipatala, anamupima. Wanga sanapiteko. Musatipatse mwana wachiwiri tisanadziwe kuti vuto lili mbali iti."

Bambo ake a Nyamoyo anayang'ana pansi. Fumbani anaimirira pang'onopang'ono.

"Adada, mukuti ine ndine gojo? Pamaso pa apongozi anga?"

"Yayi, mwana wane, sindinatero. Ndati sitikudziwa. Tiye kuchipatala mawa, ndikuperekeza ine. Ngati ndalakwa ndidzagwada pompano."

"Mwandivula, adada. Mwandivula pagulu."

Anaimenya theche mbale ija, mbira n'kugwera m'fumbi. Mwina zikanathera pomwepo, mkwiyo wa bambo ndi mwana umatha. Koma ankhazi anali atayang'anitsitsa zimene zinagwa pansi zija, ndipo anayamba kubwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Adumbu, mwati madzi a mu sipuleya ya mwana? Sipuleya yomwe amabereka kumsana, ya thukuta lake? Miyezi yonseyi mumatapa n'kumadyetsa mbira kuseri, osalola munthu kufikako? Ndiye lero mwadula ziwalo n'kuika m'mbale! Anthuni, mukufunanso umboni wina? Mwanayu am'mangira m'mbiramu!"

Ndinaona nkhope za anthu zikusintha mmodzimmodzi. Zimene ananena a Shaba zinali zachilendo ndi zochititsa manyazi. Zimene ananena ankhazi aliyense ankazidziwa kuyambira ali mwana: kutenga chinthu cha munthu mobisa, kudyetsa nyama, kusunga ziwalo. A Shaba anayesa kufotokoza za magulu awiri, za labotale, koma mawu awo anamira m'phokoso. Anatola mbale yawo yopindika n'kupita kunyumba. Esnati anatsala pamudzi tsiku lomwelo.

M'mawa mwake Fumbani anaphwasula timakola tija n'kutentha, mbira zotsala agalu anagawana. Kutchalitchi anawauza a Shaba kuti apume kaye pa ukulu wa mpingo mpaka nkhani izizire, ndipo sinazizire. Ana analetsedwa kudutsa pakhomo pawo. Amayi pamjigo anasiya kubisa zigubu, akawaona ankangonyamuka onse. Msomali uja anausiya. Fumbani sanalankhulenso nawo, akakumana panjira ankapatukira m'tchire. Anayenda kwa asing'anga mpaka ku Zambia, thupi lonse mphini, ndipo nyengo ikafika ankaberekanso sipuleya yake yodontha. Chaka chinatha, china n'kutha, Esnati osaima. Kwa anthu umenewu unali umboni woti nkhalamba inamanga mfundo yolimba.

Chakudya tinkawapatsa ndife awiri, ine ndi Nyamoyo, iye mozemba. Pabwalo pawo ankasesa ndi Nyamoyo m'mamawa mwamuna wake akapita kumunda. Tsiku lina ndinapsa mtima. Ndinawapeza atakhala pakhonde, ndevu zosameta, akuyang'ana kumsewu kumene anzawo ankadutsa osapereka moni.

"Adada, mpaka liti?" ndinatero. "Kasumeni kubwalo. Kunena munthu ufiti ndi mlandu. Itanani alangizi a zaulimi adzafotokoze kuti zimene munachita ndi za kusukulu. Mufa ndi dzina limeneli?"

"Nyabanda, khalani pansi mumve," anatero. Ndinakhala. "Alangizi akabwera adzandiseka, ndipo adzakhoza. Mbira zinali zochepa, sikelo ndinalibe, muyezo ndinkangoganizira. Mabwana anga akale akanandithamangitsa ntchito. Ndiponso mbira si munthu. Mwina vuto la Fumbani si mankhwala n'komwe, mwina anabadwa choncho. Ine ndimangofuna akapimidwe."

"Ndiye mungokhala chete?"

"Mwaona kuti chiyambire tsiku lija palibe amene wamunena Nyamoyo kuti chumba? Esnati naye palibe akumuloza chala. Onse akuti ndi ana osalakwa, amene wawalodzera mwamuna ndi mpongozi wawo. Sono ine ndikayera, amene adzade ndani?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Asiyeni anene ine. Ndakalamba, dzina ndilibe nalo ntchito. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wanga ndinamuchititsa manyazi. Ndinamuuza kumbali kambirimbiri osamva, ndiye ndinati pagulu amva. Makoswe ndinakhala nawo nthawi yaitali chomene, Nyabanda. Ndinaiwala kuti munthu ukamuonetsa chinthu choona pamaso pa apongozi ake, amaona anthuwo, saona chinthucho."

Tsiku limenelo ndinalira pamaso pawo, mwambo ndinauiwala. Ndinawakwiyira, ndinawamvera chisoni, ndipo ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti mtendere wa atsikana awiri aja wapachikika pa moyo wa nkhalamba yodwala kuthamanga kwa magazi.

Anagwa m'munda mwawo akupalira, kuchiyambi kwa dzinja, ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Kuchipatala anakhalako masiku ochepa n'kutibwezera kunyumba. Mawu ankatuluka movutikira, koma dzina la Fumbani linkamveka. Ndinapita ndekha kukamuitana kumunda kumene ankapopera. Anabwera, ndimuyamikire pamenepo, anafika mpaka pakhomo. Koma ankhazi anamugwira malaya.

"Usalowe. Akakugwira dzanja akufa, mfundo apita nayo kumanda."

Fumbani anaima pakhomopo, misozi ikutsika, bambo ake akumuona kuchokera pamphasa. Anaima nthawi yaitali ndithu. Kenaka anatembenuka n'kubwerera kumunda. A Shaba anamwalira dzuwa likupendeka, Nyamoyo atawagwira mutu.

Miyezi yotsatira mudzi wonse unkayang'ana mimba za akazi awiri aja. Esnati akavala chitenje mokweza, nkhani inkafika kumjigo iye asanafike. Akadwala malungo n'kusanza, ankhazi ankabwera ndi nkhuku. Nyamoyo anaonda. Anandiuza kuti usiku uliwonse amapemphera kuti Mulungu apatse mng'ono wake mwana, iye zake zilibe kanthu. Fumbani anayamba kumwa, ndipo nthabwala zake zinatha.

Mwezi wathawu ankhazi anaitanitsanso a Moyo, pachigafa chomwe chija. Ankhazi anati wotimanga anapita, miyezi yakwana yoti mwana akanabadwa kale, ndiye zaoneka kuti vuto linali pawiri: mfundo ya malemu, komanso magazi a kwa Moyo ndi ouma. Anati atenge ana awo onse awiri, za ng'ombe akambirana amuna. Bambo ake a Nyamoyo sanatsutse. Fumbani anakhala chowerama, osayang'ana mkazi ndi mmodzi yemwe. Ine ndinagwada n'kuomba m'manja.

"Ankhazi, pepani, ine ndine mlendo pano. Koma bwanji alamu akangopita kuchipatala kamodzi kokha, anthuwa asanachoke?"

Ankhazi ananditembenukira, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nyabanda, paja ndinu munkawamwetera udzu wa mbira zija. Kodi mbale ija anakusiyirani ndinu?"

Anthu onse anandiyang'ana mmene anawayang'anira a Shaba tsiku lija. Ndinaganiza za ana anga atatu, za mwamuna wanga amene ali kutali, za kwathu kumene kulibe munda wondidikira. Ndinati, "Yayi, ankhazi, ndimangofunsa," n'kubwerera pamalo panga. Zinandikwanira mphindi imodzi yokha kuti ndithawe chimene nkhalamba ija inasenza zaka zitatu, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Nyamoyo ndi Esnati anachoka Loweruka pangolo ya abambo awo, ndi matumba awiri a zovala, ndowa ndi mapoto. Esnati sanalire, ankangoyang'ana kutsogolo. Nyamoyo anatsika pangolo kudzandikumbatira, n'kundinong'oneza kuti ndiziwasesera adada pabwalo. Ndinavomera, koma sindinapiteko ndi tsiku limodzi lomwe, chifukwa maso a anthu ali pa ine.

Lero masana ndinadutsa chapatali ngati ndikupita kudambo, n'kuima pang'ono. Chitseko cha nyumba ya apongozi anga n'chomanga ndi waya. Denga laloweka mbali ya kummawa ndipo chiswe chakwera khoma mpaka pawindo. Mpando wawo ukadali pakhonde, khasu lili chotsamira pomwe tinaliika tsiku limene anagwa, ndipo palibe angalitenge ngakhale pamudzi pano makasu amasowa. Udzu wamera mpaka pakhomo, wobiriwira kuposa wa pena paliponse, poti palibe wolimba mtima kukaupalira kapena kuupopera. Mbuzi zokha ndizo zimalowako.

Kuchokera pamenepo nyumba ya Nyamoyo imaoneka bwino. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ankhazi anali m'kati atagwada, akuzira pansi ndi dothi latsopano. Apeza mtsikana wa cha ku Jenda, abwera tikakolola. Akuti kwawo amabereka mapasa.